Kakazingidwe ka chimera chodetsa mowa wa masese ndi thobwa

Munthu akalawa mowa wakuda wa m'botolo, kaya Carlsberg Stout kaya Guinness, amabwerera kunyumba ndi ganizo lakuti wakenso ade chonchi. Amatenga chimera chonse chimene anali nacho, kukazinga, kusinja, kutsira m'phala, n'kudikira. M'mawa mwake phala lili gwaa ngati dzulo, silinasungunuke, silikutsekemera, likungomveka nsima yopserera. Ena amayamba kukayikira kuti kapena munthu wotentha anakhudza mbiya, pamene cholakwika chinachitikira pa phale.

Zinandionekera ine kwathu ku Chipoka, tikukonza thobwa la chinkhoswe cha mphwanga. Ndowa zitatu zinakana kutsekemera, alendo akubwera mawa lake. Azakhali analawa kamodzi kokha, n'kundifunsa ngati chatsalako chimera chosakazinga. Nditayankha kuti ayi, anatuma mwana kukatenga chawo, ndipo akutakasa phala lija anati: "Mwanawe, chimera chokazinga ndi mchere. Ndani anaphikapo nsima ya mchere wokhawokha?"

Mbewu ikamera imapanga mphamvu yosungunula phala n'kulisandutsa shuga, imene akusukulu amati maenzayimu. Mphamvuyi imafa kutentha kukapitirira madigiri 78 a Celsius, pamene kukazinga kumafuna madigiri 150 mpaka 220. Choncho chimera chokazinga chimabweretsa mtundu ndi fungo basi. Ntchito yotsekemeretsa imatsalabe kwa chimera chosakazinga, chimene m'malangizo ano ndizichitchula kuti choyera.

Zofunika kukonzeratu

Muyezo uwu ndi wa mowa wa malita 20.

Mbewu ndi madzi:
- Mawere, makilogalamu 2, opangira chimera choyera. Mapira amathekanso, koma chimera cha mawere chimatsekemeretsa msanga.
- Mapira, theka la kilogalamu, okazinga. Simudzathira onse, otsala mudzasunga.
- Ufa wa mgaiwa, makilogalamu 2.
- Madzi akumwa, malita 25. Ngati ndi a m'nyanja kapena a pachitsime chosatseka, awiritseni.
- Masese a mowa umene unakoma, kapu imodzi, kapena supuni yaing'ono ya yisiti.

Ziwiya:
- Phale kapena chiwaya chokhuthala pansi, chosanunkha mafuta kapena nsomba.
- Mbaula ndi makala, mthiko wouma, malichero awiri.
- Ziguduli zochapa, mphasa, mtondo ndi munsi.
- Poto wamkulu, mbiya kapena ndowa ya pulasitiki, khuntho kapena sefa, ndi nsalu yoyera.
- Mbale yoyera ya dothi kapena pepala loyera, poonera mtundu.
- Sikelo ndi choyezera kutentha ngati mungazipeze. Popanda sikelo, kapu ya tiyi yodzaza chimera cha mapira imalemera pafupifupi magalamu 150.

Za chiwaya ndikunenetsa chifukwa kuno kunyanja chiwaya chilichonse chinaonapo usipa kapena chambo. Fungo la nsomba likalowa m'chimera silichokanso, ndipo mafuta amapha thovu la mowa. Patulani phale limodzi la ntchito iyi yokha. Mgolo umene munasungidwa petulo, dizilo kapena mankhwala a m'munda musaufulire mowa ngakhale mutautsuka kangati. Ndowa ya malata nayo si yosungiramo phala losasa, chifukwa kusasako kumadya malata n'kulowetsa m'mowa.

Gawo loyamba: kumeretsa chimera

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, dzuwa lili lokwanira. M'dzinja chimera chimachita chuku musanachiumitse.

1. Petani mbewu, kenako ithireni m'madzi n'kuchotsa zonse zoyandama. Musanaviike zonse, werengani njere 100, zikulungeni m'nsalu yonyowa masiku atatu. Zikamera zosakwana 90, mbewuyo ndi yakale kapena yofumbwa, funani ina. Chenjezo: mbewu ya m'sitolo yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira ndi yobzala basi, ndi poizoni kwa munthu.

2. Viikani mawere usiku umodzi, mapira maola 16 mpaka 24, chilichonse m'chiwiya chake. Tayani madzi n'kuthira ena pakatha maola 8 aliwonse. Kutentha kwa ku Salima kuno madzi osasintha amayamba kununkha tsiku lomwelo, ndipo njere zimabanika.

3. Khuthulirani pa chiguduli pamthunzi, muyale mokhuthala ngati zala zinayi, mufunditse chiguduli chonyowa kapena masamba a nthochi. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo, mukutembenuza ndi manja kuti mizu isalukane. Mawere amakwanira masiku awiri kapena atatu, mapira atatu kapena anayi. Mukapisa dzanja pakati n'kumva kutentha kwambiri, mwazani kuti zipole. Chenjezo: mukaona chuku chobiriwira, chakuda kapena chachikasu, tayani. Poizoni wa chuku, amene amamutchula aflatoxin, safa ndi moto, ndiye musaganize kuti mudzachipha pokazinga.

4. Yanikani padzuwa mopyapyala, masiku awiri kapena atatu, mpaka njere ithetheke mukailuma. M'miyezi ya mwera mphepo imathira mchenga pamphasa, choncho yanikani pathandala kapena kuseri kwa nyumba.

5. Tikitani chimera chouma m'manja, mizu ndi mphukira zithothoke, mupete bwinobwino. Izi n'zofunika pazifukwa ziwiri. Mphukira ndi mizu ya mapira zili ndi poizoni wofanana ndi wa chinangwa chowawa, ndipo pokazinga ndizo zimayamba kupserera njere zisanatenthe n'komwe. Zopetazo musapatse mbuzi kapena nkhuku.

Gawo lachiwiri: kukazinga

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo sipafuna munthu amene akuphikanso ndiwo pambali.

6. Ikani padera chimera cha mawere, chimenecho moto chisauone. Chokazinga ndi cha mapira. Ndimasankha mapira chifukwa njere ya mawere ndi yaing'ono kwambiri, mukangotembenuka kamodzi yada. Chimera cha chimanga chimatheka, koma njere yake ndi yaikulu, kunja kumapsa mkati musanafike. Ngati muli ndi chimanga chokha, pwanyani kaye njere mumtondo, musefe ufa uchoke, mukazinge mphale yokhayo pamoto wofatsa.

7. Kolezani makala, mudikire mpaka malawi athe, makala ayambe kuvala phulusa. Nkhuni zamalawi zimanyambita phale mbali imodzi ndipo utsi wake umalowa m'chimera. Tenthetsani phale lopanda kanthu kwa mphindi zitatu. Ponyanimo njere zisanu. Zikada musanawerenge kufika pa 30, moto wachuluka, chotsani makala ena. Chenjezo: musakazinge ndi mchenga monga tichitira ndi mtedza. Njere za mapira n'zazing'ono, mchenga sutha kuchoka wonse, mudzaumva m'chikho.

8. Thirani makapu awiri okha pa ulendo umodzi, kuti njere iliyonse izikhudza phale. Takasani osaleka, mukuchotsa za m'mbali kuzibweretsa pakati. Mphindi zisanu zoyambirira mudzaona nthunzi pang'ono, ndiye chinyontho chotsala chikutuluka. Njere zingapo zikaphulika ngati mbuliwuli palibe vuto, koma zikayamba kuphulika zambiri ndiye kuti moto wakula. Kuyambira pamenepo chimera chimadutsa m'mitundu itatu.

Woyamba umafika pakatha mphindi 10 mpaka 15. Fungo limakhala la buledi wongotuluka mu uvuni kapena la mtedza wongoyamba kupsa. Mukaswa njere, mkati muli mtundu wa chigumu. Ichi ndicho chabwino pa thobwa, ndipo munthu amene akuyamba kumene ndimamulangiza kuimira pano.

Wachiwiri umafika pa mphindi 20 mpaka 25. Fungo ndi la nkhoko za nsima zimene zapsa bwino osapserera, mkati mwa njere muli mtundu wa tiyi wamkaka wochepa. Ichi chimapatsa masese mtundu wofiirira wokhathamira ndi kakomedwe kolemera pakamwa. Kwa ine ichi ndiye chokoma kuposa zonse, chifukwa chimagwirizana ndi kusasa kwa masese mmalo molimbana nako.

Wachitatu umafika mphindi 30 zikadutsa. Fungo ndi la khofi, utsi wopyapyala ukuyamba kukwera, mkati mwa njere muli mtundu wa khofi wosinja. Pakati pa mtundu uwu ndi makala pali mphindi imodzi kapena ziwiri zokha. Utsi ukayamba kulowa m'maso n'kutsokomoletsa, mwachedwa kale.

Mphindi ndatchulazi n'zongokuthandizani kudziwa poyambira, chifukwa mbaula zimasiyana. Chodalirika ndi kuswa njere. Mphindi zitatu zilizonse tapani njere zisanu, ziphwanyeni ndi supuni pa mbale yoyera, muone ufa wake. Ambiri amanyengedwa ndi khungu: mapira ofiira amaoneka akuda mkati mukadali mbee, ndipo mapira oyera amatha kuoneka ofiirira chabe mkati mutapsa kale. Kazingani masana, panja. Kuwala kwa tochi kapena kandulo sikuonetsa mtundu weniweni.

Amene muli ndi uvuni wamagetsi, yalani chimera mopyapyala pa thireyi, muzitembenuza mphindi 10 zilizonse. Mtundu woyamba umafuna madigiri 160 kwa mphindi 30 mpaka 45, wachiwiri madigiri 180 kwa pafupifupi ola, wachitatu muyambe chimodzimodzi n'kumaliza ndi madigiri 210, zenera lili lotsekula ndipo inu muli pomwepo. Njere zouma zikatentha mopitirira zimatha kuyaka moto, choncho madzi akhale pafupi.

9. Phulani mtundu umene mukufuna utatsala pang'ono kufika. Njere zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe, ndipo phale ladothi limasunga moto nthawi yaitali. Khuthulirani mu lichero nthawi yomweyo, mupete kuti mphepo ipite, muchotse njere zonse zonyezimira ngati makala. Chenjezo: musasiye m'phale poti mwachotsa pamoto, ndipo musathire m'thumba la pulasitiki chikadali chofunda.

10. Chigonekeni. Ikani m'thumba la pepala kapena la nsalu, mupachike pouma sabata imodzi, chakuda kwambiri masabata awiri. Chimera chongokazinga kumene chimakhala ndi fungo laukali la utsi limene limakanda pakhosi, ndipo limauluka lokha mukachipatsa nthawi. Anthu ambiri amadumpha pano chifukwa amakumbukira zokazinga mowa uli kale pamoto. Ngati mwambo uli Loweruka likubwerali, mwachedwa, phikani wamasiku onse. Nthawi yogonekayi ikatha sungani m'botolo lotseka, chifukwa chinyontho cha kunyanja chimafewetsa njere n'kuitana chuku.

Chokazinga chotsekemera

Pali mtundu wina umene umafuna kuleza mtima, koma pa thobwa ndi wosayerekezeka. Mmalo moumitsa chimera chonse cha mapira, tapani makapu atatu chikadali chonyowa pa tsiku lomaliza kumera. Thothorani mphukira zimene mungathe, muthire m'kapoto kovundikira bwino, kapotoko mukaike m'poto wamkulu wa madzi otentha pafupifupi madigiri 70. Madziwo asawire. Sungani chonchi maola awiri, mukuonjezera timakala pang'onopang'ono. Nthawi imeneyi mphamvu ya chimera ikugwira ntchito mkati mwa njere momwemo, kusandutsa ufa kukhala shuga. Mukafinya njere n'kulawa, mudzamva kutsekemera.

Kenako yanikani tsiku lathunthu, mutikite, mupete mizu yonse, mukazinge pamoto wochepa kwambiri kuposa wa poyamba. Shuga amapserera msanga ndipo amamata phale, ndiye dzanja lisapume. Imani mkati mwa njere mukafika mtundu wa uchi wakuda. Kakomedwe kake kamakhala ngati ka shuga wopsereza pa supuni, ndipo gawo lina la kutsekemerako limatsalira ngakhale mowa utawira.

Gawo lachitatu: kuthira m'mowa

Muyezo pa malita 20, pamene ufa ndi chimera choyera zonse pamodzi zikukwana makilogalamu atatu ndi theka, uli chonchi. Cha mtundu woyamba kapena chotsekemera, magalamu 350, ndiye makapu awiri ndi pang'ono. Cha mtundu wachiwiri, magalamu 200. Chakuda cha fungo la khofi, magalamu 100 basi, kapu yosadzaza. Ulendo woyamba thirani theka la muyezowu. Kuonjezera mtundu kumatheka mawa, kuchotsa kuwawa sikutheka.

11. Sinjani chimera choyera kapena mukagayitse, chikhale ufa. Chokazinga chipwanyeni mumtondo mopepuka, njere ingosweka pawiri kapena patatu. Chenjezo: musapite nacho kuchigayo. Ufa wosalala wa chimera chakuda umadutsa mu nsalu ndi mu khuntho, ndipo umasiya kukoma kwa phulusa pa lilime. Komanso amene adzagayitse chimanga pambuyo panu adzapeza ufa wake utada.

12. Tsiku loyamba madzulo, phikani phala la mgaiwa wonse ndi madzi malita 14, liwire mphindi 40 mukutakasa. Phulani, lipole mpaka madigiri 65. Popanda choyezera, ndi pamene chala choyera chimalowa koma simungachisiyemo kupitirira kuwerenga kawiri. Tsirani theka la kilogalamu la chimera choyera, mutakase. Pasanathe mphindi 15 phala liyenera kuyamba kupepuka pa mthiko. Vundikirani, ligone kuti lisase pang'ono. Chenjezo: chimera chokazinga chili ndi kusasa kwakekwake, choncho phala musalisasitse ngati mmene muchitira masiku onse. Mu Okutobala ndi Novembala maola 10 akwana. Phala likasasa mopitirira, chimera choyera chimene mudzatsire kachiwiri chimagwira mwaulesi.

13. Tsiku lachiwiri m'mawa, bwezerani phala pamoto liwire mphindi 30 mpaka 45. Likuwira choncho, konzani madzi a chimera chokazinga padera. Sakanizani lita imodzi ya madzi owira ndi lita imodzi ya madzi ozizira a m'ndowa. Kutentha kwa kuno kusakaniza kotere kumakupatsani madigiri apakati pa 60 ndi 65, amene ndi oyenera. Mangani chimera chopwanya m'nsalu momasuka, muviike mphindi 30, mukugwedeza nthawi ndi nthawi ngati tiyi. Vuulani, musiye madzi akhe okha. Lawani: azimveka khofi wopanda shuga kapena nkhoko, osati mwaye. Thirani madziwo m'phala kutatsala mphindi 10 kuti muphule. Chenjezo: musawiritse njerezo m'phala ola lonse, ndipo musafinye nsalu mwamphamvu. Zonsezi zimatulutsa kuwawa kwa makoko kumene kumamanga pakamwa ngati nthochi yaiwisi.

Ubwino wa njira iyi ndi wakuti mtundu mumauona mukuthira. Thirani theka, mutakase, mutape m'chikho muone. Kumbukirani kuti masese ali ndi ufa woyera woyandama, ndiye sangade bii ngati mowa wa m'botolo. Amafika pa mtundu wa koko wamkaka, ndipo pamenepo mpokwanira. Wofuna kukakamiza kuti ade ngati Guinness adzamwa makala.

14. Phulani, muonjezere madzi owiritsa ozizira mpaka zonse zikwane malita 20. Kutentha kukatsika kufika madigiri 60 mpaka 65, tsirani chimera choyera chotsala, kilogalamu imodzi. Takasani bwino, vundikirani, mufunditse poto ndi ziguduli kapena bulangeti kwa maola awiri kuti asapole msanga. Mukalawa pamapeto pake lizikhala lotsekemera zedi. Chenjezo: kutsira chimera phala likadali lotentha kwambiri kumachipha mofanana ndi kuchikazinga.

15. Vundukulani, lipole mpaka lisamamvekenso kufunda pa dzanja, ndiye pansi pa madigiri 30. Kuika poto m'beseni la madzi kumafulumizitsa. Thirani m'mbiya, muonjezere masese aja kapena yisiti, muphimbe ndi nsalu kapena lichero. Ikani pamalo ozizira kwambiri m'nyumba, pansi, kutali ndi khoma lowombedwa dzuwa. Nyengo yotentha kulungani mbiya ndi chiguduli chonyowa. Mowa wowira motentha kwambiri umamveka ukali wa sipiriti ndipo umaphimba fungo lonse limene munavutikira pa phale. Chenjezo: musatseke ndowa kapena chigubu mothina. Mpweya wa mowa wowira umaphulitsa chiwiya.

16. Pakatha masiku awiri kapena atatu, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mwina anayi, kutsekemera kumachepa, thovu likuphulika pamwamba. Kunthani ndi khuntho kapena sefa, mowa wapsa. Masese sakhalitsa, amwedwe mkati mwa masiku awiri. Ana osakwana zaka 18 ndi amayi oyembekezera asapatsidwe, ndipo wofuna kugulitsa ayambe wakafunsa za chiphaso ku khonsolo ya boma lake.

Ngati mukufuna thobwa

Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota makomo ambiri, a Chisilamu ndi a mipingo ina, mowa sulowa, koma thobwa limafika paliponse: paukwati, pamaliro, kumunda. Chimera chokazinga chimakometsa thobwa kuposa mmene chikometsera mowa, chifukwa kutsekemera kumanyamula fungo lake bwino. Gwiritsani ntchito cha mtundu woyamba kapena chotsekemera chija. Tsatirani mpaka pa nambala 14, kenako muwiritsenso mphindi 15 kuti chilichonse chimene chingalisandutse mowa chife. Masese kapena yisiti musathire, ndipo chiwiya chikhale chimene sichinasungepo mowa. Shuga muonjezere mutalawa, chifukwa nthawi zambiri amafunika wochepa. Limwedwe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Thobwa logona masiku atatu kutentha kuno limayamba kusanduka mowa lokha, ndipo si bwino kumwetsa mnzanu zimene chipembedzo chake chimaletsa iye asakudziwa.

Kwa amene mwapeza chimera cha balere chochokera kunja

Ena amaitanitsa chimera kwa abale a ku Johannesburg kapena Cape Town kuti afulule mowa wosefa wa m'mabotolo. Mfundo ndi yomweyi. Cholembedwa pale malt kapena pilsner malt ndicho choyera chokhala ndi mphamvu, ndipo chizikhala magawo 85 kapena kupitirira pa 100 aliwonse. Crystal malt ndi chofanana ndi chotsekemera chija, magawo 5 mpaka 10. Chocolate malt mulibe chokoleti, dzinalo likunena mtundu ndi fungo, ndipo magawo 3 mpaka 5 akwana. Black malt ndi chakuda koposa, magawo 1 mpaka 3. Roasted barley ndi balere wokazinga wosameretsa, amene amadetsa Guinness ya ku Dublin, ndipo mu stout amatha kufika magawo 10. Pa paketi pamalembedwa nambala ya EBC yoonetsa kuda kwake: choyera chimakhala pansi pa 10, chocolate malt pafupifupi 1000. Nambala ikamakula, muyezo wanu uzichepa. Zonsezi kupatula choyera mungaziviike m'nsalu pa madigiri 65 kwa mphindi 30 monga pa nambala 13.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Phala silikusungunuka. Mwina mwakazinga chimera chonse, mwina munatsira choyera phala likutentha kwambiri, mwinanso mbewu sinamere bwino. Likadali losanunkha, litenthetseni kufika madigiri 65, mutsire chimera choyera chatsopano theka la kilogalamu, mudikire maola awiri. Umu ndi mmene azakhali anapulumutsira thobwa lija.

Mowa ukumveka phulusa kapena mwaye. Chimera chinapserera, chinagayidwa kukhala ufa, kapena sichinagone sabata. Kuthira shuga sikubisa. Chimene chimathandizako ndi kusakaniza ndi mowa wina wopanda chokazinga, theka ndi theka.

Ukumanga pakamwa. Njere zinawira m'phala kapena nsalu inafinyidwa. Mapira ofiira kwambiri, amene mbalame sizikonda, ali kale ndi kumanga kwawo m'khungu, ndipo kukazinga kumaonjezera. Ulendo wina sankhani oyera kapena ofiirira pang'ono.

Mtundu sunasinthe. Munaonera khungu osaswa njere, ndiye mkati munali mosapsa. Chotsala chija mungachibwezere pa phale.

Njere zina zakuda, zina zoyera. Munadzaza phale kapena munasiya kutakasa. Musasakanize n'kuganiza kuti zidzakumana pakati, chifukwa zopsererazo zimawawabe. Sankhani zakudazo mutaye.

Wasasa ngati mandimu. Phala linagona nthawi yaitali usiku woyamba, kapena linachedwa kupola musanathire masese. Mbiya yosatsuka bwino imachitanso zomwezi, choncho muziitsuka ndi madzi owira n'kuiyanika padzuwa chozondotsa.

Kulephera kubwereza mowa umene unakoma. Izi zimagwera pafupifupi aliyense, chifukwa mtundu wa chimera sungausunge m'mutu. Mukakazinga n'kukhutira, sungani supuni imodzi ya njere zopwanya m'kabotolo, mulembepo tsiku, mphindi zimene zinakhala pamoto ndi makapu amene munathira m'mowa. Ulendo wotsatira ikani kabotoloko pambali pa mbale yoyera, muzifananiza ndi njere zimene mukuswa.